Njinga yanga ikulephera phiri la Chowe, ndiyambire pati ndi K150,000?

Wakabaza_Chowe
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, ndigaireni nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya 125, ija ya injini yoimirira yopanda taimingi tcheni. Ndinaigula kwa munthu zaka ziwiri zapitazo ndipo ndi imene ikudyetsa banja langa. Ndimayenda pakati pa boma la Mangochi ndi Namwera, masiku ena mpaka ku Chiponde. Kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka m'tsinde mwa phiri imayenda bwinobwino. Koma ikangoyamba kukwera Chowe ndili ndi pasinjala ndi kathumba ka mpunga, imafookeratu. Giya 3 imakana, pa 2 imangolira, makona ena ndimalowa mpaka 1. Lachiwiri lapitali mayi wina wachikulire anachita kutsika n'kuyenda wapansi, ine ndikupalasa ndi miyendo. Zinandiwawa mumtima, ndalama yawo ndinangolandira theka.

Tasunga K150,000 ku banki mkhonde ya akazi anga. Anzanga pa siteji akuti ndigule buloko ya 150 (chitsulo chimene pisitoni imayendamo, chokulirapo kuposa cha 125), ena akuti ndiboole ekizozi, ena akuti CDI (kabokosi kolamulira moto wa pa pulagi) ya mpikisano. Ndiyambire pati kuti ndalamayi isalowe m'madzi?

Liwiro_265
Buloko ya 150 basi aise, zinazo n'kutaya nthawi. Yanga ndinasintha chaka chatha, Chowe ndimakwera pa giya 3 ndi anthu awiri kumbuyo.

Mai_a_Usipa
Anthu awiri kumbuyo, pa Chowe? Inu ndi amene mumatiopsa ife okwera.

CheMakaniko_Soko
Achimwene, musanagule kanthu ndiyankheni kaye. Pamene munkaigula, Chowe inkakwera bwanji? Ngati inkakwera bwino ndiye kuti injini siinachepe, mphamvu inalipo koma ikutayika penapake. Mukakhala pa giya yomaliza n'kuipatsa moto wonse mwadzidzidzi, injini imalira kwambiri njinga osaonjezera liwiro? Mavalavu anasetedwa liti? Eya kilina munaitsuka liti? Ikufuka utsi? Oyilo mumaonjezera kangati?

Wakabaza_Chowe
Zikomo ankolo. Poyamba inkakwera pa 2 ndi 3 popanda vuto. Zolira popanda kuthamangazo ikuchitadi, makamaka ikatentha. Mavalavu chiigulireni sanagwidwepo. Siponji ya eya kilina inang'ambika, mnzanga anati ndingoichotsa injini izipuma bwino, tsopano patha miyezi inayi. Utsi umatuluka pang'ono m'mawa. Oyilo ndimaonjezera kakapu kamodzi pa masabata awiri.

CheMakaniko_Soko
Ndiye matenda aoneka, ndipo si amodzi.

Kulira popanda kuthamangako ndi kilatchi. Mapuleti atha kapena masipuling'i afooka, ndiye injini ikuzungulira koma mphamvu sikufika yonse ku tayala. Pamalo athyathyathya simungazindikire kwenikweni, phiri ndi limene limaulula. Mukaika buloko ya 150 pa kilatchi yotereyi, mphamvu yatsopanoyo idzathera pomwepo ndipo mapuleti adzapsa msanga kuposa kale. Onaninso waya wa kilatchi: pa chogwirira pazikhala kampata pang'ono musanayambe kumva kulimba. Ambiri amamanga waya kwambiri, kilatchi n'kumakhala ngati yofinyidwa pang'ono ulendo wonse.

Za siponji zandidandaulitsa. Fumbi la kuno lili ndi mchenga, likalowa mu injini limapala maring'i ndi khoma la buloko ngati sandipepa. Gulani siponji mawa lomwe, muinyowetse ndi oyilo pang'ono, mufinye kuti isamadonthe, mubwezeretse. Muziitsuka sabata iliyonse nyengo ya fumbi ino.

Mavalavu amasetedwa injini itaziziratu, bwino m'mawa isanalizidwe. Pa injini za mtundu wanuwo timasiya mpata wa 0.08 mm, ndipo timayeza ndi fila geji, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, osati kungomva ndi chala. Akathina, valavu siitseka bwino injini ikatentha, kompuresheni imathawa, mapeto ake valavu imapsa.

Mukatha izi imikani njinga pa sitandi yapakati, muzungulitse matayala ndi dzanja. Ngati tayala likuima msanga, mabuleki akugwira okha kapena mabering'i atha. Tcheni chizigwedera masentimita 2 kapena 3, osati kukungika ngati chingwe cha uta. Zonsezi pamodzi sizingathe ndalama mwasungayo.

Liwiro_265
Madala, zonsezo n'zongobwezera njinga pamene inali. Munthuyu wafunsa zoonjezera mphamvu. 125 ndi 125 basi, ngakhale muitsuke bwanji.

CheMakaniko_Soko
Zoona mwana wanga, 125 ndi 125. Koma iwo anena okha kuti 125 yomweyo inkakwera Chowe. Abweze kaye imeneyo, kenako aone ngati akufunabe yoonjezera.

Mphunzitsi_Katuli
Ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono chifukwa inenso ndinadutsa m'maganizo omwewa. Injini ya 125 ya mtundu umenewu ili ndi pisitoni ya mamilimita 56.5 m'mimba mwake, ndipo imayenda mamilimita 49.5 kukwera ndi kutsika. Mukawerengera zimapereka 124cc. Ya 150 imayenda mtunda womwewo wa 49.5 koma pisitoni yake ndi ya mamilimita 62, zomwe zimapereka 149cc. N'chifukwa chake anthu amatha kungosintha buloko ndi pisitoni osakhudza kulanki. Mwaonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu. Si zochepa, a Liwiro sakunama.

Koma pali njira ina yotchipa kwambiri imene palibe waitchula: sipuloketi, gudumu la mano limene tcheni chimayendapo. Ngati yakutsogolo ili ndi mano 15 n'kuika ya mano 14, tayala lakumbuyo limakoka ndi mphamvu yoonjezereka pafupifupi 7 pa 100 iliyonse, pa giya iliyonse. Chimene mwataya ndi liwiro lapamwamba: njinga imene inkafika 90 izifika cha m'ma 84. Dzino limodzi kutsogolo likufanana ndi mano awiri kapena atatu kumbuyo. Ine kumbuyo ndinachotsa ya mano 38 n'kuika ya 42, ndipo mitunda ya kwathu kuno ndimakwera ndi thumba la chimanga osatsitsa mwendo. Wakabaza wonyamula katundu pa Chowe 90 akuifuniranji?

Wakabaza_Chowe
Aphunzitsi, nanga mafuta sizimwa kwambiri?

Mphunzitsi_Katuli
Pa tala wautali ngati wopita ku Monkey Bay kapena ku Liwonde imwako pang'ono chifukwa injini izizungulira kwambiri pa liwiro lomwelo. Koma paphiri mumapindula, chifukwa simukhalanso nthawi yaitali pa giya 1 mutatsegula moto wonse. Chenjezo limodzi: ngati tcheni chanu chatha, musaike sipuloketi yatsopano pa tcheni chakale, zimadyana. Gulani seti yonse, tcheni cha 428 ndi masipuloketi onse awiri. Mukakuza yakumbuyo tcheni chimafunikanso chotalikirapo.

Mlonda_wa_Malindi
Za sipuloketi ndikuvomereza. Msewu wa ku Makanjira mukadutsa Lungwena muli malo amchenga oti njinga ya magiya ataliatali imangozima. Yanga ili pa 14 kutsogolo chaka chachitatu tsopano.

Koma ndikufuna ndikuuzeni za buloko, chifukwa ine inandiliza. Ndinaika ya 150 mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lakuti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Amene anandiikira sanakhudze kabuleta, inenso sindinafunse. Tsiku lachitatu ndinanyamula madengu awiri a usipa wouma ndi mwini wake. Njinga inkakoka mokoma, mtima unali mbee. Titayenda ndithu ndinayamba kumva kulira kwina ngati timiyala m'chitini ndikaipatsa moto, ndiponso kutentha kunkandiwotcha m'miyendo kupyola buluku. Ndinati ndifike kaye. Sindinafike. Inangoti phwii, utsi woyera, zii. Kiki inkangotsika yopepuka ngati palibe kanthu. Titatsegula tinapeza pisitoni yabooka pamwamba, kabowo koti chala chaching'ono n'kulowa, ndipo pulagi inali yoyera ngati phulusa. Ndinakankha njinga maola awiri mumchenga, mwini usipa atasenza dengu limodzi pamutu. Ndalama ya buloko ndinali nditakongola.

CheMakaniko_Soko
Pepani achimwene. Imeneyo ndi njala ya mafuta. Buloko yaikulu imakoka mpweya wambiri, ndiye ngati jeti, kabowo kodutsira mafuta mu kabuleta, ili yomweyo ya 125, mafuta amachepa mumsakanizo ndipo moto wake umatentha mopyola. Njinga zathuzi zilibe madzi oziziritsa, zimadalira mphepo ndi oyilo basi. Kuno kunyanja, nyengo yotentha, paphiri pamene njinga ikuyenda pang'onopang'ono mphepo n'kuchepa, injini siikhululuka.

Kwa amene watsimikiza za 150, ntchito yake yonse ndi iyi. Jeti yaikulu ikwere sitepe imodzi kapena ziwiri, kapena mugule kabuleta ya PZ27 m'malo mwa PZ26 imene imabwera ndi 125 zambiri. Kakilipi ka pa singano ya kabuleta mukakatsitsa mzere umodzi, singano imakwera ndipo mafuta amaonjezereka pakatikati. Gasiketi ya hedi ikhale ya 62, osati yakale. Mukasiya hedi ya 125 pa buloko ya 150 dziwani kuti kompuresheni yakwera, ndiye mvetserani kulira kwa timiyala kumene anena a ku Malindiku. Makilomita 500 oyamba osanyamula katundu wolemera, osaipatsa moto wonse, ndipo oyilo woyamba mutaye msanga chifukwa amakhala ndi tizitsulo. Kenako muziwerenga pulagi: ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zili bwino, yoyera ndi njala, yakuda ndi mwaye mafuta achuluka.

Funso langa kwa wakabaza ndi ili: mungathe kukhala masabata awiri osanyamula katundu, ana akudya chiyani? Mtengo wa buloko muziwerengera pamodzi ndi masiku amenewo.

Liwiro_265
Ine jeti ndinasintha, ndipo palibe chinachitika. Musaopseze anthu. Vuto la a ku Malindi linali makaniko, osati buloko.

Mlonda_wa_Malindi
Sindikukana aise. Ndikungoti ndalama imene anthu amatchula pa siteji ndi ya buloko yokha, za jeti, gasiketi, oyilo kawiri ndi masiku osagwira ntchito satchula.

Ankolo_ku_Joni
Asalaam aleikum abale akwathu. Ndili ku Johannesburg koma kwathu ndi kwa Chimwala. Kuno zida zimenezi zimapezeka, ndipo pali anyamata amatransipoti amene amabwera kumudzi mwezi uliwonse. Mphwanga ngati ukufuna ndikhoza kukufunira seti yonse ya 150, udzandibwezera pang'onopang'ono.

Dalaivala_Wakale
Waleikum salaam. Mtima wabwino ankolo, koma musagule musanaone njingayo mkati. Mwana wa mlongo wanga anaoloka ku Chiponde kukagula seti ku Mandimba, pa katoni polembedwa 150 bwinobwino. Atafika nayo, pini ya pisitoni inali ya mamilimita 13 pamene kondirodi yake ndi ya 15. Wogulitsa anakana kubweza chifukwa katoni inali itatsegulidwa. Mpaka lero ili pa windo.

CheMakaniko_Soko
Eya, mapini alipo a 13 ndi a 15, yezani wanu kaye. Yezaninso kukamwa kwa kulankikesi, chifukwa siketi ya buloko ya 62 pa injini zina za 125 siilowa mpaka akakuze pa makina. Ndiponso buloko ya injini ya mapushi rodi siigwirizana ndi ya injini ya taimingi tcheni, ngakhale zonse zilembedwe 150. Njira yabwino ndi kunyamula buloko ndi pisitoni zakale popita kogula, n'kuziika pambali pa zatsopano.

Kamnyamata_ka_Mpondasi
Nanga ekizozi? Ine ndinachotsa zam'kati zonse, ikulira ngati ya mpikisano ndipo ndikumva kuti ikuthamanga.

Mai_a_Usipa
Ndinu amene mumatidzutsa 4 koloko m'mawa eti? Ana akhanda sakugona m'makomomu chifukwa cha inu. Ine njinga yaphokoso sindikwera, ngakhale itchipe.

Mphunzitsi_Katuli
Mwana wanga, khutu limanamiza. Tenga foni, uyeze nthawi kuchokera pamtengo wina kufika pamtengo wina paphiri, ndi ekizozi yoboola kenako ndi yabwinobwino. Kawirikawiri yoboola imataya mphamvu yapansi, imene ndi yofunika ponyamuka ndi katundu, komanso imapangitsa njala ya mafuta ija anena a Soko. CDI ya mpikisano nayo phindu lake limaoneka injini ikamazungulira pamwamba kwambiri, pamene wakabaza sakhalapo. Ndipo zilipo za AC ndi za DC, ukasokoneza njinga siilira n'komwe.

Kamnyamata_ka_Mpondasi
Ndiyesa Loweruka aphunzitsi, ndidzakuuzani.

Mwini_Njinga_Zitatu
Ine ndili ndi njinga zitatu zimene anyamata amayendetsa n'kumandipatsa ya tsiku. Chimene chimapha mphamvu kwambiri kwa ine ndi mafuta a m'mabotolo. Nthawi imene petulo ankasowa m'mafilingi siteshoni, anyamata ankagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, wina wothira parafini, wina wamadzi. Njinga ziwiri zinayamba kudukiza paphiri. Titatsegula kabakuli ka pansi pa kabuleta tinapeza madzi ndi matope ofiira. Wakabaza_Chowe, masula kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, mafuta agwere m'botolo loyera, uone ngati pansi pakukhala madzi. Ugulenso kafyuluta kapulasitiki ka pa paipi ya petulo, n'kotchipa.

Mphunzitsi_Katuli
Poonjezera apo, petulo wa m'dziko muno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira 1982. Amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amatenga madzi. Komanso petulo wosakanizayu amafuna jeti yotsegukirapo pang'ono poyerekeza ndi petulo wosasakaniza. Ndi chifukwa chinanso chosasiyira jeti yaing'ono pa buloko yaikulu.

Dalaivala_Wakale
Za mitengo musanene. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya aliyense anakwera, oyilo ndiye osakamba. Anyamata ambiri tsopano akuthira oyilo wa galimoto wotsala m'magalaja.

CheMakaniko_Soko
Ndipo ameneyo ndi amene akupha makilatchi. Kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri, mapuleti amalephera kugwirana. Gulani 20W-50 wa njinga, pa botolo pazilembedwa 4T ndi JASO MA. Injini yanu imalowa pafupifupi lita imodzi yokha. Kwa wakabaza wa m'fumbi ine ndimati makilomita 1,000 aliwonse atayidwe. A Wakabaza_Chowe, mumathira wanji?

Wakabaza_Chowe
Ndinene zoona ankolo, miyezi yapitayi ndakhala ndikuthira wa galimoto wopimitsa m'mabotolo.

Namwino_Usiku
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko. Ndimagwira ntchito m'chipatala ndipo miyendo yothyoka ya akabaza ndi mapasinjala awo ndimaiona sabata iliyonse. Nonse mukukamba zokwera Chowe, palibe akukamba zotsika. Amene amabwera kwa ife ambiri savulala pokwera. Achimwene, pa K150,000 yanuyo patulanipo ya mabuleki ndi chipewa chachiwiri cha pasinjala. Mayi amene anatsika n'kuyenda wapansi uja anafika kwawo ndi miyendo yake yonse. Ndikupemphani ndi mtima wonse.

Dalaivala_Wakale
Asisitere anena zoona. Mabuleki a dilamu akatentha amaleka kugwira. Potsika Chowe gwiritsani giya yomwe munakwerera, injini izikugwirirani njinga. Anyamata ena amazimitsa injini n'kuika fili kuti asunge mafuta. Mafuta a K500 sangagule mwendo.

Mwini_Njinga_Zitatu
Palinso za malamulo. Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapyola 125cc, kupyola apo imafunika ya A. Ndipo amene akuganiza zogula injini ina yathunthu akumbukire kuti nambala ya injini inalembedwa m'mapepala a njinga, ikasintha mapepala akuyenera kukakonzedwa ku Road Traffic. Pakachitika ngozi a inshuwalansi amayang'ana zimenezi.

Liwiro_265
Ndani angatsegule injini pa rodibuloko kuti ayeze pisitoni?

Mwini_Njinga_Zitatu
Pa rodibuloko palibe. Koma tsiku limene wagunda munthu, zonse zimafufuzidwa.

Wakabaza_Chowe
Abale, ndabweranso patatha masiku khumi. Ndinapita ndi njinga kwa makaniko wina wachikulire ndi mndandanda wa zonse munanena, ndipo ndinakhala pompo tsiku lonse ndikuona ndi maso anga. Mapuleti a kilatchi atawatulutsa anali akuda, osalala ngati galasi, akununkha chopserera. Tinaika atsopano ndi masipuling'i ake. Valavu ya ekizozi inalibiretu mpata, fila geji yopyapyala kwambiri inkakana kulowa. Mu kabuleta munali timadzi pang'ono. Buleki yakumbuyo inkagwira yokha chifukwa kasipuling'i kobweza kanali katafooka, ndipo dilamu inkatentha ine osadziwa. Tinasintha mashuzi a mabuleki onse, siponji, pulagi, oyilo wa 4T, ndi seti ya tcheni ya mano 14 kutsogolo.

Dzulo ndinakwera Chowe ndi bambo wina wonenepa ndithu ndi katoni ya sopo. Kona imene mayi aja anatsikira ndinadutsa pa giya 2, moto ndisanatsegule wonse. Pamwamba ndinalowa 3. Ndinafika pa Namwera ndikuseka ndekha m'chipewa. Ndalama yatsala K38,000, ndipo mawa ndikukagula chipewa cha pasinjala monga ananenera asisitere. Sikomo kwejinji nonse.

Koma utsi wa m'mawa ukadalipo. Makaniko anayesa kuthira kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi, kiki inalimba kuposa poyamba. Akuti ndiye kuti maring'i ayamba kutha.

Liwiro_265
Mwaona? Mubwera komweko ku buloko. Maring'i akatha musavutike ndi ya 125, mtengo wake susiyana kwenikweni ndi ya 150.

CheMakaniko_Soko
Apa a Liwiro ali ndi mfundo. Tsiku lotsegula injini likadzakwana, ndi nthawi yabwino yoganizira 150, chifukwa gasiketi, oyilo, ntchito ndi masiku oyenda pang'onopang'ono mudzalipira ndithu ngakhale mutaika 125. Koma si lero. Ndi kakapu kamodzi pa masabata awiri, siponji ili m'malo, injiniyo ikhoza kukutumikirani mpaka mutakolola. Muziyang'ana oyilo m'mawa uliwonse njinga ili chilili pamalo olingana. Mukadzaona kuti kakapu kaja kakufunika masiku atatu aliwonse, kapena pulagi ikunyowa ndi oyilo, mudzatsegule, muyeze pini ndi kukamwa kwa kulankikesi, ndiye mudzawauze ankolo a ku Joni nambala zake.

Ankolo_ku_Joni
Ndili pompano mphwanga. Ukadzayeza unditumizire chithunzi cha pisitoni yakale ili pambali pa rula.

Kamnyamata_ka_Mpondasi
Aphunzitsi, ndinayesa pa kamtunda ka kwathu katatu katatu. Ya ekizozi ya mkulu wanga yosaboola inandiposa ndi masekondi anayi. Alipo akugulitsa ekizozi yakale ya 125 yosaboola? Ndili pa boma mpaka Lachisanu.